Minda imene inasanduka manda: kuyendera malo a nkhondo yapachiweniweni ya ku America

Mumzinda wa Salisbury, m'chigawo cha North Carolina ku America, muli manda a boma omwe mbali ina mulibe mitumbira ngakhale mayina. Pali kapinga yekhayekha, ndi timiyala tosonyeza pomwe anayambira ndi pomwe anathera maenje ataliatali amene munkaponyedwa mitembo ya akaidi a pankhondo. Mmodzi mwa anyamata amene anafera m'ndende ya pamalopa mu Disembala 1864 analembetsa usilikali ndi dzina loti Rupert Vincent. Dzina lake lenileni linali Robert Livingstone, mwana wachisamba wa David Livingstone uja tinamuphunzira kusukulu. Anali ndi zaka 18. Bambo ake anali atangochoka kumene kuchigwa cha Shire, komwe anadzionera okha akapolo atamangidwa magoli m'khosi, ndipo mwana wawo anakafera kutsidya la nyanja pankhondo imene inathetsa ukapolo kumeneko.

Nkhondo imeneyi inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865. Malo ambiri amene inamenyedwera akusungidwabe, ndipo chaka ndi chaka kumapita anthu mamiliyoni. Mlendo akafika amakumana ndi mbiri ziwiri pamalo amodzi. Yoyamba ndi ya nkhondoyo. Yachiwiri ndi ya anthu amene anabwera pambuyo pake kudzaimika miyala, n'kusankha zoti zikumbukiridwe ndi zoti zikwiririke. Munthu wosadziwa kusiyanitsa ziwirizi amatha kubwerako atanamizidwa ndi mwala wosemedwa bwino.

Chimene ankalimbirana

Mu 1860 dziko la America linali ndi anthu pafupifupi 31 miliyoni, ndipo mwa iwo pafupifupi 4 miliyoni anali akapolo, zidzukulu za anthu ogwidwa ku Africa. Ambiri ankalima thonje, fodya, nzimbe ndi mpunga m'maesiteti a zigawo za kummwera. Thonje ndilo linkaposa katundu wina aliyense amene dzikolo linkagulitsa kunja, ndipo mafakitale a nsalu a ku Lancashire ku England ankalidalira. Mkangano waukulu unali pa madera atsopano a kumadzulo: kodi munthu angalowe nawo akapolo ake kumeneko? Abraham Lincoln anapambana chisankho cha Novembala 1860 ndi mfundo yoti ukapolo usafalikirenso. Sanalonjeze kuuthetsa komwe unalipo kale, komabe eni akapolo anaona kuti madzi achita katondo. South Carolina inatuluka m'chitaganya pa 20 Disembala 1860. Zigawo zotuluka zinakwana 11, n'kupanga boma lawolawo lotchedwa Confederacy, pulezidenti wake Jefferson Davis.

Ndikutsindika izi chifukwa m'malo ena mudzamva kuti nkhondoyi inali yoteteza ufulu wa zigawo, kapena yokana misonkho. Otulukawo analemba okha zifukwa zawo, ndipo zikalatazo zilipo. Cha Mississippi chinanena mosabisa kuti mbali yawo ndi yomangirizika kotheratu ku ukapolo. Alexander Stephens, wachiwiri kwa Davis, analankhula ku Savannah mu Malichi 1861 kuti boma latsopanolo laima pa mfundo yoti munthu wakuda safanana ndi mzungu. Nkhani ya ufulu wa zigawo inadzakula nkhondo itatha, ogonja akufuna chifukwa chomveka bwino pamaso pa ana awo.

Kwa zaka zambiri omwalira ankawerengedwa kuti ndi 620,000. Kafukufuku wa mu 2011, wochokera pa mabuku a kalembera, anakweza chiwerengerocho kufika pafupifupi 750,000. Awiri mwa atatu aliwonse sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, tayifodi, chibayo, malungo ndi chikuku m'misasa.

Pomwe mzinga woyamba unalirira

Linga la Fort Sumter lili pakachilumba kochita kumanga pakamwa pa doko la Charleston, ndipo mumafikapo paboti basi. Asilikali a kummwera anayamba kuliwomba mbandakucha wa pa 12 Epulo 1861, n'kupitiriza kwa maola pafupifupi 34 mpaka Robert Anderson, mkulu wa asilikali a boma m'lingamo, anagonja. Amene ankalamula mizingayo, P. G. T. Beauregard, anaphunzitsidwa ndi Anderson yemweyo kusukulu ya usilikali ya West Point. Umo ndi mmene nkhondo yapachiweniweni imakhalira: anthu akuluakulu a mbali ziwirizi ankadziwana bwinobwino.

Apa mlendo amayamba kuphunzira kusakhulupirira maso okha. Linga la 1861 linali la nsanjika zitatu, koma mizinga ya asilikali a boma inaligumula pakati pa 1863 ndi 1865. Chimphona chakuda cha konkire chili pakati pakecho chinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo sichikukhudzana ndi nkhondoyi. Chenicheni chotsala ndi njerwa za m'munsi. Zambiri zinaumbidwa ndi akapolo, ndipo pa zina pakuonekabe zidindo za zala za owumbawo. Ogwira ntchito pamalopa amazilozera alendo. Mukabwerera kumtunda, pafupi ndi pokwerera boti pali International African American Museum, yotsegulidwa mu 2023 pa Gadsden's Wharf, pomwe zombo zinkatsitsira anthu ogwidwa ku Africa. Ine ndingati yambani kumeneko musanakwere boti, kuti mukafike pa lingalo mukudziwa kale chimene mizingayo inkateteza.

Chifukwa chake zikwangwani zakale sizitchula ukapolo

Mapaki oyamba a nkhondoyi anakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo m'zaka za m'ma 1890: Chickamauga mu 1890, Shiloh mu 1894, Gettysburg mu 1895, Vicksburg mu 1899. Ankayang'aniridwa ndi unduna wa zankhondo, womwe unkafuna malo ophunzitsira akuluakulu a asilikali, komanso ofuna kuyanjanitsa asilikali akale a mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake zikwangwani zachitsulo za nthawiyo zimangonena kuti gulu lakuti linaima apa nthawi yakuti, linataya anthu angati, linabwerera kuti. Zimafotokoza bwino mmene anamenyanirana, koma sizinena chimene ankamenyanirana. Mu 1933 malowa anaperekedwa ku bungwe la National Park Service, ndipo mwambo wongokhala chetewo unapitirira. Panafika cha m'ma 2000 pamene nyumba ya malamulo inalamula kuti malowa azifotokozanso za ukapolo monga gwero la nkhondo. Tsono mukaona kuti chikwangwani chakale ndi chatsopano zikulankhula mosiyana pamalo amodzi, dziwani kuti pakati pake padutsa zaka 100 za mkangano.

Ngakhale zili choncho, kuponda nthakayo kuli ndi phindu lomwe buku silingakupatseni, ndipo Antietam ndi umboni wake. Malowa ali pafupi ndi tawuni ya Sharpsburg ku Maryland, ndipo akadali minda ndi zitunda monga analili. Pa 17 Sepitembala 1862, tsiku limodzi lokha, anthu pafupifupi 23,000 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa. Palibe tsiku lina m'mbiri ya America lomwe linakhetsa magazi chotere. M'mawa nkhondo inali m'munda wa chimanga, moyang'anizana ndi katchalitchi koyera ka mpingo wa Dunker, anthu amene chiphunzitso chawo chinkakana nkhondo. Katchalitchi mukuonako n'komangidwanso mu 1962, koyambako katagwa ndi mphepo mu 1921. Masana nkhondo inasamukira ku kamsewu ka ngolo kokumbika ndi magudumu ndi madzi a mvula. Mukatsikiramo mumaona chifukwa chake asilikali a kummwera anakakonda: munthu amabisika mpaka m'chiuno, ndipo adani amatulukira pachitunda ali pambalambanda. Mukayenda mpaka pomwe kamsewuko kamakhota mumaonanso mmene kanasandukira msampha, adani atapeza malo owombera motsata utali wake. Chakummwera kuli mlatho wamiyala wa Burnside, wopapatiza moti anthu ochepa okha ndiwo angadutse mogundana mapewa. Mukakwera phiri loyang'ana mlathowo simufunsanso kuti zinatheka bwanji asilikali pafupifupi 500 a ku Georgia kutsekereza masauzande kwa maola atatu.

Patapita masiku awiri, Alexander Gardner anafika ndi kamera n'kujambula mitembo isanakwiriridwe. Zithunzizo zinaonetsedwa ku New York mwezi wotsatira, ndipo anthu wamba anaona koyamba chimene ana awo ankakumana nacho. Pa 22 Sepitembala, Lincoln analengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 1863 akapolo onse a m'zigawo zopanduka adzakhala mfulu. Ankadikira kuti asilikali ake apambane kaye penapake asanalengeze, ndipo Antietam inamupatsa mpatawo. Masiku ano, kumayambiriro kwa Disembala, anthu odzipereka amayatsa makandulo 23,000 m'minda imeneyi, ndipo magalimoto amadutsa pang'onopang'ono usiku.

Funso limene aliyense amafunsa ndi loti n'chifukwa chiyani anthu ankafa ochuluka chonchi. Mfuti zinali zitasintha koma kamenyedwe kanali kakale. Mfuti zatsopano zinali ndi mizere m'kati mwa mpope, zomwe zinkapangitsa chipolopolo kuuluka mozungulira n'kufika patali molunjika, pamene akuluakulu ankafoletsabe anthu phewa ndi phewa kuti malamulo amveke ndi kuti awombe pamodzi. Chipolopolocho chinali cha mtovu wofewa, cholemera, ndipo chikagunda fupa chinkaliphwanya zidutswazidutswa. Mumzinda wa Frederick, osati kutali ndi Antietam, muli National Museum of Civil War Medicine, yomwe imafotokoza zotsatira zake. Madokotala ankadula mikono ndi miyendo chifukwa fupa lotere silikanalumikizika. Zoti ankadula anthu ali maso n'zokokomeza: pafupifupi onse ankagonekedwa ndi mankhwala. Chimene sankadziwa ndi tizilombo toyambitsa matenda, choncho mpeni umodzi unkachoka pa munthu uyu kupita pa wina osaphikidwa. Mumaphunziranso za Jonathan Letterman, dokotala amene anakonza dongosolo la ngolo zonyamula ovulala ndi kusankha woyenera kuthandizidwa msanga, maziko a zomwe maambulansi amachita lero.

Gettysburg: werengani chaka cha pamwala

Kwa alendo ambiri, Gettysburg ku Pennsylvania ndiye malo aakulu. Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi 1863, gulu la kummwera la Robert E. Lee linalimbana ndi la boma la George Meade mozungulira tawuni ya anthu 2,400 okha. Ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa anakwana pafupifupi 51,000. Tsiku lachitatu Lee anatumiza anthu pafupifupi 12,500 kudutsa minda yopanda pobisala, mtunda woposa kilomita imodzi, kukakwera chitunda chomwe panali mizinga. Pafupifupi theka la iwo anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Mutha kuyenda pansi njira yomweyo. Mukafika pa mipanda ya m'mbali mwa msewu wa Emmitsburg, ganizani za munthu amene akuyenera kuikwera, mfuti ili m'manja, adani akumuona bwinobwino.

Nyumba yaikulu yolandirira alendo, yotsegulidwa mu 2008, ili ndi zinthu zakale zambirimbiri, komanso chithunzi chojambula pamanja cha Paul Philippoteaux cha mu 1884, chozungulira chipinda chonse, mamita pafupifupi 115 m'litali ndi 13 msinkhu. Bwalo la nkhondolo mumalowa ulere, koma m'nyumbamo mumalipira. Msewu wozungulira malo onse ndi wa makilomita pafupifupi 39. Kuli operekeza alendo a ziphaso, mwambo umene unayamba mu 1915, ndipo mayeso awo ndi odziwika kuti ndi ovuta. Amakwera m'galimoto yanu n'kumakufotokozerani. Mukawafunsa za anthu akuda a mumzindawo amayankha, koma nthawi zina mpaka mufunse ndinu.

Pabwaloli pali zipilala ndi zikwangwani zoposa 1,300, ndipo apa ndi pomwe chizolowezi chowerenga chaka chimagwira ntchito. Zambiri za kumpoto zinaimikidwa m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 ndi asilikali omwe anamenya nawo, atakalamba, aliyense akulozera pomwe mnzake anagwera. Za kummwera zinabwera mochedwa. Cha Virginia, chokhala ndi Lee pakavalo, ndi cha 1917. Cha North Carolina ndi cha 1929. Cha South Carolina ndi cha 1963, ndipo mawu olembedwapo amatamanda chikhulupiriro cha asilikaliwo mu kupatulika kwa ufulu wa zigawo. Chaka chimenecho ndi chomwe apolisi a ku Birmingham anakhwirizira agalu ana akuda ofuna ufulu wawo, ndipo mawu omwewo a ufulu wa zigawo ndi amene atsogoleri a kummwera ankakanira kuthetsa tsankho m'masukulu. Mwalawo ukunena zambiri za 1963 kuposa za 1863.

Pachitunda chomwe anthu a Lee ankalimbira pali kanyumba koyera ka zipinda ziwiri, komwe alendo ambiri amakadutsa osaima. Mwini wake anali Abraham Brian, mlimi wakuda, mfulu. Iye ndi banja lake anathawa nkhondo isanafike, chifukwa asilikali a Lee ankagwira anthu akuda a ku Pennsylvania, ngakhale obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera ku ukapolo. Nkhondo itapita, ntchito yonyansa yofukula mitembo m'minda kuti ikaikidwe m'manda atsopano inagwiridwa ndi kagulu ka anthu akuda, mmodzi mwa owatsogolera ali Basil Biggs. Pa 19 Novembala 1863 mandawo anapatulidwa. Edward Everett analankhula maola awiri, Lincoln mphindi ziwiri, mawu pafupifupi 270, okumbutsa kuti dzikolo linabadwa pa mfundo yoti anthu onse analengedwa ofanana. Muli asilikali a boma oposa 3,500. Koma asilikali akuda a ku Gettysburg amene anadzamwalira pambuyo pake, pamodzi ndi Biggs mwini, agona m'manda ena aang'ono a Lincoln Cemetery, kumbali kwa tawuni. Ndi ulendo wa mphindi zochepa, ndipo ndi woyenera kuupanga.

Mu 1913 asilikali akale oposa 50,000 a mbali zonse anasonkhana pamalopa, n'kugwirana chanza pamwamba pa mpanda wamiyala pomwe anaphana zaka 50 m'mbuyomo. Zithunzi zake zimagwetsa misozi, ndipo sindikukana kuti kuyanjanako kunali ndi mtengo wake. Koma Pulezidenti Woodrow Wilson, polankhula pamwambowo, sanatchule ukapolo, ndipo chaka chomwecho boma lake linali kupatula ogwira ntchito akuda m'maofesi a boma. Azungu a kumpoto ndi kummwera anayanjana pogwirizana kuiwala munthu wachitatu.

Richmond ndi ziboliboli zake

Richmond, likulu la Confederacy, lili makilomita pafupifupi 160 okha kuchokera ku Washington. American Civil War Museum, yomwe nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2019, inamangidwa mozungulira mabwinja a fakitale ya zitsulo ya Tredegar, komwe kunkasulidwa mizinga ya kummwera, ena mwa osulawo ali akapolo. Inabadwa pophatikiza mabungwe awiri, limodzi mwa iwo lomwe kale linkasunga mbendera ndi zovala za Confederacy ngati zinthu zopatulika. Lero zinthu zomwezo zikuonetsedwa pambali pa mawu a akapolo, amayi ndi asilikali wamba. Malaya a mkulu wankhondo akaikidwa pafupi ndi chikalata chogulitsira mwana, amaoneka mwina.

Mumsewu wa Monument Avenue munali chiboliboli chachikulu cha Lee, choimikidwa mu 1890. Chinachotsedwa mu Sepitembala 2021. Mkanganowo unakula kuyambira mu Juni 2015, pamene mzungu wonyadira mbendera ya Confederacy anapha anthu asanu ndi anayi m'tchalitchi cha Emanuel ku Charleston, ndiponso mu Ogasiti 2017, pamene mayi wina anaphedwa ku Charlottesville pa zionetsero zokhudza chiboliboli china cha Lee. Ena amati kuchotsa chiboliboli ndi kufafaniza mbiri. Maganizo anga ndi akuti mwala wosonyeza pomwe anthu anafera umasiyana ndi chiboliboli cha pakati pa mzinda. Woyambawo umathandiza kumvetsa zimene zinachitika pamalopo. Chachiwiricho chimauza anthu odutsa tsiku ndi tsiku amene ayenera kumulemekeza, ndipo zambiri zinaimikidwa nthawi imene anthu akuda ankalandidwa ufulu wovota, zina mwa izo ndi khama la bungwe la United Daughters of the Confederacy lokhazikitsidwa mu 1894.

Amene anadzimasula okha

Kugombe la Virginia kuli linga la Fort Monroe, lomwe pankhondoyi linali m'manja mwa asilikali a boma. Mu Meyi 1861 akapolo atatu, Frank Baker, Shepard Mallory ndi James Townsend, anawoloka paboti usiku kukapempha chitetezo. Mwini wawo atatumiza munthu kukawatenga, mkulu wa lingalo, Benjamin Butler, anakana. Anati popeza Virginia ikunena kuti yatuluka m'dziko, lamulo lobweza akapolo othawa silikuikhudza, ndipo anthuwa ndi katundu wolandidwa kwa mdani. Mawuwo anali onyoza, koma khomo linatseguka, ndipo masauzande anatsatira. Pamalo omwewa ndi pomwe Aafirika oyamba anatsitsidwira ku Virginia mu 1619, komanso pomwe Jefferson Davis anatsekeredwa zaka ziwiri nkhondo itatha.

Anthu akuda pafupifupi 179,000 analowa usilikali wa pamtunda ndipo ena pafupifupi 19,000 wa pamadzi. Poyamba ankalandira madola 10 pamwezi, atatu n'kudulidwa a zovala, pamene mzungu ankalandira 13. Pafupifupi 40,000 anamwalira. Malo otchuka kwambiri a nkhondo yawo simungawayendere: linga la mchenga la Fort Wagner, lomwe gulu la asilikali akuda la 54th Massachusetts linaukira pa 18 Julayi 1863, linakokoloka ndi nyanja. Chikumbutso chawo chili ku Boston, cha mu 1897, koma mayina a asilikali akuda ophedwawo anawonjezedwapo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ku Washington, mumsewu wa U Street, kuli chipupa cha mayina oposa 209,000 a magulu amenewa, chopatulidwa mu 1998.

Nkhani yawo ikulumikizana ndi ndende zija. Poyamba mbali ziwirizi zinkasinthana akaidi. Dongosololo linasokonekera mu 1863, makamaka chifukwa a kummwera anakana kubweza asilikali akuda ogwidwa mofanana ndi azungu. Ndende zinasefukira. Ku Andersonville ku Georgia, malo a maekala 26 ndi theka ozunguliridwa ndi mitengo yozika anasunga anthu oposa 32,000 nthawi imodzi mu Ogasiti 1864, popanda nyumba, kamtsinje kamodzi kali madzi akumwa komanso chimbudzi. M'kati mwa mpanda munali kamzere komwe wokadutsa ankawomberedwa. M'miyezi 14 munadutsa akaidi 45,000 ndipo pafupifupi 13,000 anafa. Mosiyana ndi ku Salisbury, kuno mayina alipo, chifukwa mkaidi wina wachinyamata, Dorence Atwater, amene ankalemba kaundula wa omwalira, anakopera mndandandawo mobisa. Mu 1865 anabwerera ndi Clara Barton, mayi amene ankasamalira asilikali ovulala, kudzaika zizindikiro, ndipo manda 460 okha ndiwo alibe dzina. Miyala yake ndi yothithikana chifukwa mitembo inagonekedwa yogundana. Ndende za kumpoto nazo sizinali zoyera m'manja: ku Elmira ku New York kunafa pafupifupi mkaidi mmodzi mwa anayi.

Zapaulendo n'zochepa. Malo ambiri ali kumidzi kopanda mabasi, choncho pamafunika galimoto. Juni mpaka Ogasiti kumatentha koopsa, ndipo m'udzu muli nkhupakupa zofalitsa matenda. Kukumba kapena kutola chipolopolo chakale m'mapaki amenewa ndi mlandu. Mumzinda wa Washington mutha kuona Ford's Theatre, momwe John Wilkes Booth anawombera Lincoln pa 14 Epulo 1865, ndi kanyumba ka tsidya la msewu momwe anamwalira m'mawa mwake. Kutsidya la mtsinje wa Potomac kuli manda a Arlington, omwe anali esiteti ya banja la mkazi wa Lee.

Msewu wa ku Lynchburg

Mudzi wa Appomattox Court House ndi wachete. Pa 9 Epulo 1865 Lee anagonja kwa Ulysses S. Grant, mkulu wa asilikali onse a boma, pabalaza la nyumba ya Wilmer McLean. Nyumba imene mukulowayo ndi yomangidwanso: yoyamba inaphwasulidwa mu 1893 ndi anthu ofuna kukaionetsa kwina kuti apeze ndalama, zinthu sizinayende, ndipo njerwa zake zinakhala mulu kwa zaka 50. Grant analola ogonjawo kubwerera kwawo ndi akavalo awo kuti akalime, anawapatsa chakudya, ndipo pafupifupi 28,000 analandira zikalata zoti asagwidwe panjira. Amene analemba pepala lomaliza la mgwirizanowo anali Ely Parker, wa mtundu wa Seneca, eni nthaka a ku America. M'mawa wa tsikulo bomba linagunda Hannah Reynolds, mayi amene anali kapolo pafupi ndi mudziwo. Anamwalira patapita masiku atatu, ndipo paki imamukumbukira masiku ano.

Nkhondo sinathere pomwepo. Gulu lina lalikulu linagonja pa 26 Epulo ku North Carolina. Ku Galveston ku Texas, lamulo la ufulu linalengezedwa pa 19 Juni, tsiku lomwe lero limatchedwa Juneteenth, ndipo linakhala tchuthi cha dziko lonse mu 2021. Ukapolo unathetsedwa m'malamulo aakulu a dziko mu Disembala 1865.

Lee anatsekerezedwa pa Appomattox akufuna kudutsa msewu wa ku Lynchburg, makilomita pafupifupi 40 kumadzulo. Mumzinda umenewo Abaputisti akuda, ambiri mwa iwo obadwira mu ukapolo, anadzamanga sukulu yawoyawo, Virginia Theological Seminary and College. John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira kumeneko asanabwerere mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya Providence ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Anakhala ku Virginia pamene chiboliboli cha Lee ku Richmond chinali chisanakwanitse zaka khumi, asilikali akale a mbali zonse akadali moyo, ndipo malamulo a tsankho akukhwima. Ku Harpers Ferry, m'chigawo choyandikana cha West Virginia, pomwe mitsinje ya Potomac ndi Shenandoah imakumana, kuli kanyumba ka njerwa momwe John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo, anazingidwa mu Okutobala 1859 atayesa kulanda zida za boma kuti apatse akapolo. Amene anatsogolera omugwirawo anali Lee. Olemba mbiri ena amaona chithunzithunzi cha Brown m'zimene Chilembwe anachita mu Januwale 1915. Kanyumba ka Brown kakadalipo, ngakhale kanasunthidwa kangapo, ndipo sukulu ya ku Lynchburg ikuphunzitsabe, pansi pa dzina loti Virginia University of Lynchburg.